Mbuzi ya bwana inandigunda bondo

Agogo,

Ndine mesenjala pa ofesi ina ya maloya mu Lilongwe muno. Ndimakhala ku Mgona ndi mkazi wanga Tiwale ndi khanda lathu Rejoice.

Mwezi watha kasitomala wa ku Dedza analipira bwana ndi mbuzi. Bwana anati, “Kaisiye kunyumba kwanga ku Area 25.” Ndikuikankhira mu minibasi, inatembenuka n’kundigunda pa bondo. Pano njinga sindikupalasa, ndiye mesenjala wosapalasa amusungiranji?

Kuntchito kuli inshuwalansi ya ovulala. Nditafunsa, maloya anakangana okhaokha mpaka tiyi anazizira. Wina akuti mbuzi si ntchito ya maloya. Wina akuti mbuziyo inali malipiro, ndiye ndinagundidwa ndi chuma cha kampani. Bwana anangoti, “Umboni uli kuti?”

Agogo, pa ofesi paja ndimamva tsiku ndi tsiku kuti umboni sataya. Ndiye mbuziyo sindinakapereke, ndinaimanga pakhomo panga. Yadya kale matewera a mwana. Alandilodi akuti izilipira lendi yakeyake. Tiwale akuti, “Bambo a Rejoice, musankhe, ine kapena mboni yanuyi.” Kuchipatala sindinapite, ndikuopa kuisiya yokha ndi Tiwale, wanoletsa mpeni. Nditani kuti ntchito isandithere?

G. K., Mgona

A G. K.,

Pepani ndi bondolo, koma mukusunga umboni wolakwika. Mbuzi sikalumbira kukhoti. Umboni ndi bondo lanulo, ndipo likutupa inu muli kalikiliki kumweta udzu.

Mawa m’mawa kabwezeni mbuziyo, mutenge munthu woti aone mukupereka. Mukachedwa, wovulala asanduka wakuba, ndipo bwana wanu sadzavutika kufuna loya. Pochokera komweko pitani kuchipatala, dokotala akulembereni lipoti. Mumfunefunenso kondakitala wa minibasi ija. Iyeyo anaona, ndipo pakamwa ali napo.

Zakuti mbuzi si ntchito ya maloya zisakutayitseni tulo. Anakutumani ndi bwana, nthawi ya ntchito. Lipotilo mukapereke kuntchito, lina ku ofesi ya leba, akakuuzani njira yake.

A Tiwale muwapepese, matewera mugule.

Chenjezo langa ndi ili: anthu mumagwira nawowo kulemba amakutha. Akakupatsani pepala, musasaine musanakawerengetse kwa munthu amene salandira malipiro kwa bwana wanu. Ntchito ina mutha kupeza, koma Rejoice akayamba kuthamanga adzafuna bambo womuthamangitsa.

Agogo