Apongozi alonjeza kuti asilikali adzaperekeza mkwatibwi

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri, ndipo ndimayang'anira chitetezo cha antchito pa fakitale ina yopanga sopo. Ntchitoyi ndinachita kukaiphunzira ku koleji. Ndatchula zimenezi kuti mudziwiretu kuti si ine munthu waphuma. Ndisanalize galimoto ndimayamba ndaizungulira kuona matayala, ndipo pamsewu ngakhale mathirakitala amandipitirira. N'chifukwa chake apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, akhala akunditchula kuti a Nanzikambe chikwatirire mwana wawo. Satchula pamaso panga, koma ana anandiuza.

Mlamu wanga, chitsirizira m'banja mwawo, akukwatiwa posachedwapa. Loweruka lina mwezi watha ndinamunyamula pamodzi ndi apongozi kupita kwa telala kukayesa zovala za ukwati. Telalayo amakhala kunja kwa tauni, potsata msewu waukulu. Tili m'njira ndinaona pagalasi lole ya asilikali ikubwera itayatsa nyale masanasana. Ndinachita zimene munthu waulemu amachita: ndinayatsa indiketa, ndinapatukira m'mbali, loleyo inadutsa, ine n'kubwerera mumsewu. Chimene sindinadziwe n'chakuti loleyo sinali yokha. Zinzake zinali zitabisika pakona. Pomwe ndinkayang'ananso, galasi lonse linali litadzaza ndi chipumi cha lole ina yobiriwira.

Aphungu, ndinali pakati pa mdipiti wa asilikali. Kutsogolo lole, kumbuyo lole, ine ndi kagalimoto kanga koyera ngati mwanapiye amene walowerera m'gulu la ng'ombe. Asilikali a mu lole yakutsogolo anakhala choyang'ana kumbuyo, mfuti zili pakati pa miyendo, maso onse ali pa ine. Mmodzi ankadya nthochi osaphethira n'komwe. Ndinaganiza zoponda buleki, koma nditalingalira kulemera kwa lole yakumbuyo ndi mtunda umene imafuna kuti iime, ndinaona kuti tisanduka chitini chopondedwa. Ndinaganiza zopatuka, koma m'mbali munali ngalande. Ngalande itatha ndinaopa kuti ndikapatuka mwadzidzidzi ayesa ndikuthawa, ndipo munthu wothawa asilikali amakhala atapalamula chiyani? Ndiye ndinangoyatsa nyale kuti ndifanane ndi anzanga, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

Maminibasi amene masiku onse amandiimbira hutala ankathawira muudzu kutipatsa njira. Pamalo pamene apolisi amandiimitsa nthawi zonse kufunsa chozimitsira moto, anakankha migolo mothamanga n'kuchita sawatcha. Apongozi anatsitsa windo n'kuyamba kukupizira mpango anthu a m'mbali mwa msewu. Mlamu anatulutsa foni n'kumajambula. Ndinati, "Alamu, bisani foniyo chonde." Iye anati, "Alamu inunso, zoterezi zimabwera kawiri ngati?" Mphambano ya kwa telala tinaidutsa ndikuiona chonchi.

Tinakaima pageti la kampu yawo. Msilikali wapageti anasuzumira pawindo langa, anandiona thukuta lili chuchuchu, n'kufunsa kuti, "Bwana, mwabwera kudzalembetsa usilikali ndinu, kapena mwabweretsa agogowa?" Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Iye anaseka, anaimitsa lole yakumbuyo kuti nditembenuke, ndipo anati, "Ulendo wina muzidikira tidutse tonse, akuluakulu." Kenako anandichitira sawatcha yachipongwe. Apongozi anasunga sawatchayo, zina zonse anataya.

Kuchokera tsikulo moyo wanga wasintha. Ndikafika kwa apongozi amadzutsa mwana wawo wamwamuna pampando wofewa umene unali wa malemu amuna awo kuti ndikhalepo ine. Tiyi amandithirira m'kapu ya alendo. Amanditcha "mwana wanga". Ndinawamva akuuza mnzawo pafoni kuti, "Mkamwini wanga uja amafatsa dala. Anthu a ntchito zachinsinsi saonetsera." Sindikubisirani, Aphungu, zinandikomera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwakonzera mipope ndi kuwaperekeza kuchipatala, koma anali asanandiyang'anepo ndi maso amenewa.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi vidiyo ija. Manambala a malole ankaoneka, nkhope za asilikali zinkaoneka, ndipo mawu anga ankamveka ndikupemphera kuti, "Ambuye, ana anga akadali aang'ono." Ndinachonderera mlamu kuti asatumizire aliyense mpaka nditaikonza. Ndinaiika pa laputopu ya kuntchito n'kuyamba kuyesa mapulogalamu aulere okonzera mavidiyo.

Yoyamba inandisiya ndigwire ntchito yonse bwinobwino, koma nditati ndisunge, inati ndiyambe ndalipira. Yachiwiri inabisadi manambala ndi nkhope, koma inawonjezera zimene sindinaitume. Inachotsa pemphero langa n'kuikapo nyimbo ya malipenga ndi ng'oma. Pamene apolisi akuchita sawatcha inapachedwetsa, dzanja likukwera pang'onopang'ono ngati mufilimu. Ndipo pakona ya vidiyoyo inadinda chizindikiro cha kampani yake, chimene mwatsoka ndi nyenyezi yagolide. Ndinatumizira mkazi wanga kuti andionereko ngati manambala abisikadi. Anayankha kuti, "Bambo a ana, koma ndiye muli ndi ulemerero!" Asanamve maganizo anga anali ataiponya kale pagulu la pafoni la abale ake onse. Amalume ake ena anafunsa kuti nyenyezi imodzi ndi udindo wanji.

Pofuna kuchotsa mapulogalamu awiriwo ndinaika yachitatu, imene inalonjeza kuyeretsa kompyuta. Imeneyi imangotulukira yokha ndi chikwangwani chofiira chonena kuti ndili pangozi yoopsa. Sabata yatha inatulukira pakhoma pamene ndinkaonetserapo zithunzi za mu laputopu, ndikuphunzitsa antchito kapewedwe ka ngozi. Mayi amene amayang'anira makompyuta kuntchito kwathu anandiimitsa pakhonde n'kufunsa kuti, "Achimwene, laputopu yanu ija ikumacheza ndi ndani kunja kwa dziko?" Ndinati ndibwera nayo mawa. Mawalo mpaka lero silinakwane, ndimachita kuzungulira kumbuyo kwa nyumba yosungira katundu.

Tsopano vuto lenileni. Lamlungu lapitali, pamsonkhano wokonzekera ukwati, pamaso pa abale a mwamuna, apongozi analengeza kuti galimoto ya mkwatibwi idzaperekezedwa ndi asilikali kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi. Anati, "Zimenezo musade nazo nkhawa, mwana wangayu angoimba foni basi." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Sindikudziwa chifukwa chake, khosi linangochita lokha. Mkazi wanga zoona akuzidziwa, koma akuti, "Mutu munagwedeza ndi wanu, ine musandilowetsemo."

Ndiye ndapeza pulogalamu yachinayi, ya mapu ndi kalendala. Nthawi ya nkhomaliro ndimakaima pomwetsera mafuta pamsewu uja n'kumalemba nthawi imene malole a asilikali adutsa, kuti ndione ngati ali ndi tsiku lawo. Maganizo anga ndi akuti likakhala Loweruka, ndidzadikire pakona paja ndi mkwatibwi, lole yoyamba ikadutsa ine n'kulowa monga kale. Chovuta n'chakuti kampu ndi tchalitchi sizili mbali imodzi. Komanso dzulo wothira mafuta anandifunsa kuti, "Akulu, mumadikira ndani masiku onsewa osathira ngakhale dontho?"

Kodi ulemu wa pamsewu umalola munthu kulowa mu mdipiti mwadala ngati wayatsa indiketa nthawi yabwino? Kodi ilipo pulogalamu yaulere yodalirika imene ingachotse zinzake zinayi? Kapena ndiwauze apongozi zoona, ndibwerere ku unanzikambe? Makadi a ukwati akupita kosindikiza sabata yamawa, ndipo mlamu akufuna alembepo za asilikaliwo ndi zilembo zagolide.

Ine wothedwa nzeru,
E.K.M., kumapeto kwa tauni

Bambo E.K.M.,

Tiyambe ndi pomwetsera mafuta. Lekani lero lomwe. Munthu woima m'mbali mwa msewu n'kumalemba nthawi imene asilikali akudutsa ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo si mkamwini. Ndi kazitape. Wothira mafutayo wakufunsani mwaulemu. Wofunsa wachiwiri adzabwera atavala jombo, ndipo satifiketi yanu ya ku koleji sadzaiwerenga. Fufutani zimene mwalembazo, nkhomaliro muzidyera kuntchito.

Za indiketa, yankho ndi ayi. Indiketa ndi pempho chabe, si chilolezo. Mdipiti umayenda ngati chinthu chimodzi, ndipo mpata umene mumauona pakati pa lole ndi lole si wanu. Woyendetsa wausiya kuti aimiremo zikavuta, ndipo inu amene mumadziwa za kulemera kwa malole simukufunika kuuzidwa kawiri. Mukaona galimoto ya asilikali itayatsa nyale masana, dziwani kuti ili ndi zinzake. Chepetsani liwiro, patukirani pamalo oonekera bwino, osati pakona kapena pamlatho, ndipo dikirani mpaka msewu utayera. Musawapitirire pokhapokha iwo akukodoleni ndi dzanja. Musawamamatire kumbuyo kuti mudye nawo njira yotsegulidwa. Foni ikhale m'thumba, ya mlamu yomwe. Tsiku lina mukadzamezedwanso mwangozi, yatsani indiketa msanga, chepetsani pang'onopang'ono, tulukani pamalo abwino oyamba. Palibe akanakuyesani wothawa. Woyendetsa lole yakumbuyo uja ankapemphera kuposa inu kuti muchokepo.

Laputopuyo ndi ya abwana anu, si munda woyeserera mbewu. Mawa m'mawa ipititseni kwa mayi a makompyuta, muwatchulire mapulogalamu onse anayi osabisa ngakhale imodzi. Akuzazirani pang'ono, koma anaonapo zoposa pamenepa. Yachisanu musaifune. Mapulogalamu aulere abwino alipo ndithu, ndipo ena ndimagwiritsa ntchito inenso, koma muziyesera pa kompyuta yanuyanu, imodzi imodzi, yotengedwa kwa eni ake amene anaipanga. Werengani timabokosi tonse musanavomere, monga mumayendera matayala. Muziyesera pa kope, choyambirira chili posungika, ndipo chimene chatuluka muchionere mpaka kumapeto musanatumizire munthu, ngakhale amene mumagona naye chipinda chimodzi. Pulogalamu imene imakuwa kuti muli pangozi, ngoziyo ndi yomweyo.

Tsopano apongozi. Mayi amene anakhala kumbuyo kwanu ulendo wonse, akuona thukuta likutsika m'khosi ndi kumva pemphero lanu la ana aang'ono, sindikhulupirira kuti anapusitsika kwenikweni. Ndikuganiza kuti anapeza nkhani yokoma yonyadira mkamwini, anaikamba kamodzi, inakoma, anaiwonjezera mchere, ndipo tsopano yawapulumuka monga yakupulumukirani inu. Nonse awiri muli pamwamba pa mtengo, ndipo wamng'ono ndi amene amayamba kutsika kuti agwirire makwerero.

Pitani makadi asanasindikizidwe. Mayi a kunyumba apite nawo, afune asafune, chifukwa vidiyo anaimwaza ndi iwowo. Mukawapeze apongozi ali okha. Musakanene kuti asilikali atanganidwa tsiku limenelo, chifukwa bodza lotere silifa, lidzakudikirani pa ukwati wotsatira ndi pamaliro pomwe. Mukanene mosazungulira kuti, "Mayi, tsiku lija ndinalowa m'malole mwangozi ndipo ndinali ndi mantha. Palibe msilikali amene ndimamudziwa. Ndinachedwa kunena chifukwa ndinakondwa mutayamba kunditcha mwana wanu." Mawu omalizawo musawameze, ngakhale akutsamwitseni. Ndi okhawo m'nkhani yonseyi amene angakusungireni malo m'nyumba imeneyo.

Kenako muwachotsere manyazi. Pamsonkhano wotsatira muime ndinu, osati iwo, muwauze abale a mwamuna mmene zinayendera. Adzaseka mpaka misozi. Sekani nawo, chifukwa munthu wodziseka yekha sasekedwa nthawi yaitali. Mukatero mudzipereke kuyendetsa mkwatibwi, galimoto yotsukidwa bwino, maliboni ali petupetu, kunyamuka nthawi ikadalipo. Pa tsiku la ukwati banja lililonse limafuna woyendetsa wamantha.

Mwina apongozi adzakwiya masabata angapo. Mwina dzina lakale lidzabwerera. Zimenezo sindingakulonjezeni kuti sizichitika. Koma chenjezo langa ndi ili: mukakamira nzeru yanu ya pakona ija, mkwati adzakhala ali chilili kuguwa akuyang'ana wotchi, pamene inu, mkwatibwi ndi apongozi mwakhala pabenchi m'kachipinda ka pageti la kampu mukufotokoza chimene mumafuna pakati pa malole a boma, velo ili m'fumbi. Kuwauza apongozi zoona kudzakuwawani madzulo amodzi. Kusochera ndi mkwatibwi wa eni ake kudzakambidwa mpaka pa ukwati wa zidzukulu zanu.

Aphungu