Mayi wa Magolovesi pa Msomali

Lolemba, 6 Okutobala

Andivulira azimayi anga. Onse.

Ndatsegula katoni ya zimbale zanga za galamafoni m'mawa uno, koyamba chisamukireni kuno kwa mwana wanga, ndipo ndapeza zimbale zili mbulanda, zosanjikizana m'pilokesi ngati mbale zodyera. Zikuto zake zonse palibe. Ndinakhala pabedi kanthawi, pilokesi ili pamiyendo.

Ndamufunsa mwanayo asanapite kuntchito kwake kuchipatala. Akuti mwamuna wake anatenga zikutozo sabata yatha, wakaziika m'mafelemu kuti akongoletsere malo ake omwera khofi amene akutsegula Loweruka. Akuti anafuna kundiuza koma ndinali m'tulo. Kodi ine ndimagona chaka chonse? "Ababa, si mapepala chabe? Nyimbo zanu zonse zilipo." Ananena akumanga nsapato, osandiyang'ana n'komwe.

Mapepala chabe. Ine sukulu ndinalekezera panjira, Chingerezi changa n'cha m'bala ya hotela momwe ndinaperekera zakumwa mpaka tsitsi kuyera, ndipo maso awa ng'ala yawadya. Timalemba ta pakati pa chimbale sinditiona. Azimayi a jaziwa ndimawadziwa ndi nkhope zawo za pachikuto. Wachipewa, amene amaimba ngati akukalipira mwamuna mwaulemu. Wamchenga, wa mawu okhakhala ngati chimfine sichinamutherepo. Woseka, amene mawu akamuthera amangopitiriza ndi pakamwa pokha ngati lipenga. Ndi Mayi wa Magolovesi.

Tsopano onse ndi akuda, ozungulira, ofanana.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Bwana Khofi, mkamwini wangayo, wandipatsa moni wa mano onse patebulo. Akuti makasitomala amakono amakonda zinthu zakale, ndipo ndidzanyada ndikadzaona khomalo. Ndinamufunsa ngati anamvapo chimbale chimodzi mwa zimenezo. Anati nyimbo zonsezo zili pafoni, angathe kundiikira zoyera bwino, zopanda kuthetheka. Ndinati zikomo, inenso ndili ndi chithunzi cha nkhuku, mawa tidzadye chimenecho. Sanaseke. Mwana wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo.

M'nyumba ya eni munthu umayenda ngati mphaka. Ndinagwa kamodzi kokha kubafa, kamodzi, basi anandinyamula ndi katundu yemwe ngati kabati.

Ndayesa kufufuza Magolovesi m'pilokesi muja. Malemu amake mwana anadonthezapo kadontho ka utoto wofiira wa m'zikhadabo, pakati pa mbali imene pali nyimbo yawo, kuti asamavutike kutembenuza. Ndapapasa ndi chala chimbale chilichonse, ndayang'anira pawindo mpaka misozi. Sindinakapeze. Mwina kanafufutika. Njira yatsala n'kuziliza chimodzichimodzi, koma singano ya galamafoni inathyoka posamuka. Inathyoka yokha, akutero. Zonse m'nyumba muno zimathyoka zokha.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kwa Wamawailesi, kuseri kwa sitolo ya utoto. Kachipinda kake kadzaza mafoni osweka, iyenso wakalamba, magalasi awiri pamphuno. Atamva za singano anaseka mpaka kutsokomola. Akuti madala, mukanabwera ndili ndi tsitsi. Koma anakwera pampando n'kutsitsa galamafoni yakufa pamwamba pa shelefu, fumbi lili tolotolo, n'kunena kuti ndibwere mawa aone ngati mutu wake ungalowe pa yanga.

Anandifunsa kuti ndimamva chiyani m'nyimbo za chilankhulo chimene ndimachidziwa theka. Funso la anthu onse. Ndinamuuza kuti mkazi akamakudikira pakhomo usowa womasulira? Mayi wa Magolovesi sathamangira ng'oma. Oimba onse afika kale, iye akubwera pambuyo pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa kuti basi sinyamuka iye asanakwere. Ukamati wachedwa, wafika. Bwana wa hotela ankaliza chimbale cha mayiyu bala ikatsala pang'ono kutsekedwa, ine ndikupukuta matambula, ndipo hotela itagulitsidwa anandiuza nditenge bokosi lonse chifukwa ndine ndekha ndinkamvetsera.

Kunyumba chimbalecho chinasanduka cha amake mwana. Lamulungu masana, akusita mayunifomu anga oyera. Chingerezi sankachidziwa n'komwe, ndiye anaikamo mawu awoawo: kolala iyi, kolala iyi, yandikana ine. Ankaimba motsatira mayiyo ndendende, kuchedwa komweko.

Ndamukumbutsa mwana wanga madzulo ano. Akuti sakumbuka, iye ankangomva ngati nyimbo za pamaliro. Chabwino.

Lachinayi, 9 Okutobala

Singano yalowa. Wamawailesi ndi munthu.

Ndatseka chitseko, ndaliza chimodzichimodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wachipewa alipo. Woseka alipo, zimbale zake zonse. Wamchenga alipo koma wakalika kumayambiriro, akudumpha ngati wapunthwa, ndi mchenga wa m'pilokesi umenewo. Chilichonse ndikachizindikira ndachikulunga m'malaya anga, tsopano ndatsala ndi malaya amodzi ovala.

Magolovesi palibe.

Ndabwereza kuyang'ana m'katoni, pansi pa bedi, kuseri kwa kabati. Palibe. Bwana Khofi sanabwere kudzadya, akuti akupenta.

Lachisanu, 10 Okutobala



Ndapita ndekha, osauza munthu. Malowo ali pakona, moyang'anizana ndi kokwerera mabasi, kutsogolo konse ndi galasi lokhalokha. Mkati fungo la penti, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndipo pakhoma azimayi anga, pamzere, m'mafelemu akuda ngati zithunzi za anthu omwalira. Wachipewa amupachika pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Pakati pa mafelemuwo, pamwamba pa makina a khofi, chimbale chenicheni. Chopachikidwa pa msomali. Dzuwa la masana likulowa pagalasi paja n'kumenya pomwepo, pansi pake makina akutulutsa nthunzi. Ndinayandikira. Kadontho kofiira kali pompo.

Bwana Khofi anatuluka ndi bulashi m'manja, wosangalala. Akuti anasamala kwambiri, msomali anaulowetsa pa kabowo kake kapakati, sanaboole paliponse. Akuti anasankha chimenecho chifukwa kadontho kofiirako kakugwirizana ndi makapu.

Ndinati, "Nditsitsireni mkazi wanga." Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero. Anyamata openta anasiya kupenta.

Atachitsitsa ndinachiika pa kauntala. Sichinagone. Mbali imodzi inadzuka, chapindika ngati chipewa chonyowa ndi mvula. Ndinachidina ndi chala, chinagwedera. Iye anati, "Pepani bambo, sindinadziwe kuti chimasungunuka." Kenaka anati mwina tingapeze china chonga chomwecho. Ndinamufunsa ngati chinacho chidzabwere ndi kadontho.

Ndinachikulunga m'jekete n'kubwerera wapansi. Anandithamangira ndi galimoto, ndinakana kukwera. Bondo likundiuza tsopano kuti ndinapusa, koma bondo si mwini nkhani.

Ndachiyesa pagalamafoni. Singano ikukwera phiri, kutsika, n'kulumpha. Ndazimitsa msanga ndisanaphe singano.

Loweruka, 11 Okutobala

Atsegula malo awo. Sindinapite. Anandisitira malaya, ali pampando pomwepo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Amayesa sindimva. Khoma la chipinda changa ndi lopyapyala ngati chikuto chomwecho. Mwana wanga kukhitchini: munthu wamkulu akulira chimbale ngati mwana. Mwamuna wake anayankha motsitsa, sindinamve zonse, koma ndinamva akuti, sunaone nkhope yawo.

Ine sindinalire. Ndi ng'ala.

Chimbale chili pa tebulo, ndachivundikira ndi thaulo. Ndikadutsa ndimayang'ana kumbali.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndachitengera kwa Wamawailesi. Anachiyang'ana chopingasa, diso limodzi lotsinzina, n'kuimba mluzu. Akuti lachipinda ndi dzuwa, lichiwongolenso ndi dzuwa lomwelo. Magalasi awiri osalala, aakulu kuposa chimbale, chimbale pakati, padzuwa la m'mawa kanthawi kochepa. Galasi likangofunda ngati mphumi ya mwana wodwala, kulowetsa mumthunzi, kutsindika ndi zolemera, osatsegula mpaka mawa lake. Ukachedwetsa, mizere ya nyimbo imasungunuka, basi mayiyo watseka pakamwa mpaka kalekale. Akuti sakulonjeza. Anayesapo kawiri, kamodzi zinatheka.

Magalasi otero ndiwatenga kuti? Iye alibe. A mawindo a eni sindingagulule, ngakhale maganizowo anandifikira.

Ndinanena patebulo, osauza munthu, ndimangouza mchere. 

Lachiwiri, 14 Okutobala

M'mawa ndapeza mafelemu awiri atatsamira chitseko changa. Wachipewa ndi Magolovesi mwini wake, magolovesi oyera mpaka m'zigongono, akuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Bwana Khofi anaima pakhonde ndi sikuludiraiva, akuti magalasi ake ndi a muyezo womwewo. Akuti pakhoma patsala mabowo awiri, makasitomala azifunsa. Ndinati muziwauza.

Tagwira ntchitoyo pabwalo kuseri, pa tebulo lochapira. Anafuna kupukuta magalasi ndi malaya ake, ndinamuletsa. Madzi, sopo, nsalu yofewa, kuumitsa. Kamchenga kamodzi kokha kangadinde nyimbo. Anafuna kuyika nthawi pafoni, ndinati chotsani, ndinaika chikhatho pagalasi n'kudikira. Iye anangoima, thukuta kutsika, malo ake a khofi atasiyira wantchito. Anayamba kundiuza za mtengo wa makina aja, ndinati chete, ndikumvetsera. Sindimamvetsera kanthu. Ndimangofuna akhale chete.

Litafunda tinanyamula awiri, iye uku ine uku, pang'onopang'ono ngati tanyamula madzi odzaza m'beseni. Pansi pa bedi langa. Pamwamba taikapo mabuku a unamwino a mwana wanga, aphindule nawo kamodzi.

Sindinamuthokoze. Wabweza ziwiri, khoma lonse likadali ndi azimayi anga.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndadzuka ndi mantha. Ndazungulira bedi m'mawa wonse ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinatsegula dzuwa litapendeka, mwana wanga atabwera kuntchito, ndikumumva akusita yunifomu yake m'kanjira ka pakhomo panga.

Chagona. Osati kwenikweni, kakadali kafunde kumphepete, koma chagona.

Ndinaika mbali ya kadontho. Kuthetheka kuja, kenaka piyano, kenaka timaburashi pang'oma. Ndinagwira mpando. Singano inakwera kafunde, inatsika, sinalumphe. Ndipo anabwera, mochedwa monga kale. Koma mawu ake tsopano akugwedera pang'ono pakuzungulira kulikonse, ngati akuimba ali m'basi pamsewu wa mabampu. Wakalamba. Anali mtsikana zaka zonsezi, amukalambitsa sabata imodzi. Ndinakwiya mpaka ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

Simbi inasiya kuyenda kunja kuja.

Ndinamva mawu aang'ono, osafuna kumveka. Kolala iyi, kolala iyi, yandikana ine. Kuchedwa komweko. Anafika pamodzi ndi mayiyo, osaphonya.

Dzanja ndinalibweza. Sindinatembenuke, iyenso sanalowe. Nyimbo itatha kunamveka fungo la nsalu yopserera, ndi iye akutukwana simbi chapansipansi. Kenaka pachitseko, "Ababa, bwezeraninso."

Ndabwezera katatu.

Bwana Khofi wafika kusanade ndi katoni, zikuto zonse, wazichotsa m'mafelemu. Wayima pakhomo, akuti sadziwa chimbale chiti chilowe muti, ngati ndingamuonetse. Wayamba kale kutambasula dzanja kuti agwire Woseka ndi zala zake za khofi, pamizere penipeni.

Ndamuuza akasambe m'manja kaye. Ndikumva mpopi ukutuluka madzi.