Mawu Ofiira M'kope la Mayi Ako

Chinamwali,
Zomba.
9 Juni 2019

Wokondedwa mwana wanga Luso,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse ku Karongako, iwe, amuna ako ndi mdzukulu wanga. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ine ndilipo. Kuno kwazizira, phiri lafunda nkhungu, ndipo chichokereni anthu a pamaliro nyumbayi yakula ngati tchalitchi pa Lolemba.

Mabuku ndikuwerengabe. Koma ndikapeza mawu okoma ndimadzutsa mutu kuti ndiwawerengere mayi ako, ndiye ndimangoona mpando.

Lachitatu kunabwera ana asanu a Folomu 4 amene mayi ako ankawaphunzitsa zisudzo. Wowatsogolera ndi Mwanaidi, mtsikana wa ku Songani wolankhula ngati wailesi. Anati pa 28 mwezi uno akachita sewero pamaso pa oyesa mayeso, koma panopa akuwayang'anira ndi aphunzitsi a masamu, amene akamva ana akulira maliro a m'sewero amabwera kudzawaletsa phokoso. Ankafuna kope la mayi ako.

Ndinalipeza m'chikwama chawo chobiriwira chija. M'mphepete mwa masamba analembamo ndi cholembera chofiira mawu amodzimodzi, kambirimbiri: puma. Ine ndinati zikuoneka kuti anawa ankawatopetsa kwambiri aphunzitsi awo. Anaseka mpaka wina kugwira khoma. Mwanaidi anati ayi agogo, kumeneko si kupumula. Anati madamu ankawaphunzitsa kuti ukafika pa mawu olemera kuposa onse, uyambe wadziuza kuti puma, ukoke mpweya, anthu atchere khutu, kenako unene.



Izi sindinakuuze pamaliro. Masana a tsiku lomaliza kuchipatala, mayi ako anandigwira dzanja nati, puma. Ndinadabwa pang'ono, poti zaka makumi atatu sananditchulepo kuti iwe, koma ndinati ndi matenda. Ndinayesa akundimvera chisoni chifukwa ndinali nditaima kuyambira m'mawa. Ndinatuluka kukakhala pansi pa mtengo. Pobwerera ndinapeza anamwino atatchinga kale bedi ndi nsalu.

Sankauza ine. Ankadziuza okha. Ndikanakhala kuti ndinaonerako ngakhale kamodzi akukonzekeretsa ana awo, ndikanakhala pansi n'kumvetsera.

Zimene ankafuna kunena sindidzazimva, koma ndikuzidziwa, pakuti anandipempha kangapo konse kuti ndikuuze zoona, ine n'kumazengereza.

Uli Folomu 3 unauzidwa kuti kalasi ya zisudzo yadzaza, upite ku sayansi. Unalira sabata yathunthu, ndipo unakwiyira mayi ako poganiza kuti ndiwo anakukana. Kalasi ija siinadzaze. Ndine ndinapita kwa ahedi, nditavala jekete langa la kuntchito, kukanena kuti mwana wanga sangathere nzeru zake pa masewera. Mayi ako anasenza mlandu wanga zaka khumi ndi ziwiri kuti usadane ndi bambo ako.

Tsono ndikupempha. Ana aja alibe woima kutsogolo kwawo. Iwe unkasuzumira pawindo la holo mpaka kuloweza sewero lonse kuposa eni ake. Ngati kuchipatala kwanuko angakupatse sabata imodzi, bwera uwathandize. Ine ndawalola kuti azikonzekera pakhonde pano masana alionse, ndipo ndimawagwirira kope, koma ndikangofika pa mawu ofiira aja maso amachita chidima.

Ukakana sindidzakudandaula. Mwina ungabwere chifukwa cha anawo, osati ine. Nazonso ndilandira.

Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo mdzukulu wanga umuuze kuti mapeyala akumudikira. Ambuye akusungeni nonse.

Pano ndaika cholembera pansi. Ndakoka mpweya.

Ndikhululukire, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Dickson