Chipanda cha Amayi Ako

Matope, Neno
Okutobala 1995

Wokondedwa mwana wanga Fletcher,

Kodi muli bwanji kumeneko ku Lilongwe, iwe ndi apongozi anga a Triza? Nanga ana? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundikana. Akundilembera ndi a Laimoni a kutchalitchi, ndipo andichenjeza kale kuti ndisachulutse gaga m'diwa poti pepala ndi limodzi. Koma iwe ukundidziwa.

Nkhani ndi ya Tadala, mwana wa malemu mlongo wako Lucy. Chichokereni inu pamaliro paja, mwanayu sanaone tsiku labwino. Kutsegula m'mimba kuja kwabwereranso. Timanja tangotsala ngati mapesi. Phala akulavula, nthochi akungoyang'ana kumbali.

Chimene chinkamuthandiza ndi chambiko cha m'chipanda cha amayi ako. Ukuchikumbuka, eti, chakuda chija cha chingwe pakhosi? Amayi ako mpaka kumwalira sanachigunditsepo sopo. Ankangopukuta kunja, m'kati n'kusiyamo pang'ono pansi, ankati imeneyo ndiyo mbewu. Ukathiramo mkaka madzulo, mawa lake wagwira, wowawasa mokoma. Lucy ali chigonere ndinkamumwetsa Tadala chimenecho, m'mimba n'kumaima.

Tsono tsiku lomwe anthu ankabalalika pamaliro, apongozi anga pokonza m'nyumba anachipeza. Atanunkhiza anati ichi ndicho chikudwalitsa mwana. Anachikwecha ndi mchenga, sopo ndi madzi otentha, n'kuchiyanika padzuwa. Ine ndinali kudambo ndi ng'ombe. Usawakalipire, Fletcher. Anachita ndi mtima wabwino. Atandionetsa akumwetulira, ndinangoti zikomo.

Kuyambira pamenepo mkaka sukugwira. Umangodukaduka, madzi pamwamba, fungo ngati chikopa chonyowa. Ndinakumbuka a Edina, mayi wa ku Mozambique uja amene amayi ako anamugawira mbewu. Ndinapita mpaka ku Luwani, kumsasa wa othawa nkhondo. Ndinapeza mabwinja okhaokha, mbuzi zikudya m'zipupa. Anthu anabwerera kwawo, mbewu yathu inaoloka nawo malire.

Kuchipatala ndinafotokozera namwino wina wochokera ku Rumphi, ndimayesa andiseka. Sanaseke ayi. Anati m'chambiko chabwino mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, koma tabwino, tothandiza m'mimba kulimbana ndi toipa. Ine ndinati ndiye kuti mkazi wanga ankaweta pawiri, zina m'khola, zina m'chipanda! Apo ndiye anaseka. Koma anandilangiza kuti mkaka ndiziyamba ndauwiritsa, uzizire, ndipo wonunkhawo ndisayerekeze kupatsa mwana, ungamumalize. Anatipatsanso timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi owiritsa.

Kenaka anandiitanira pambali. Anati chambiko chimathandiza koma si mankhwala, ndipo ngakhale chipanda chikanakhala chosatsuka, mwanayu akanafunikabe kukapimidwa kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Anandifunsa mmene Lucy anadwalira. Nditamuuza za kuonda kuja ndi chifuwa chija, anangoyang'ana pansi.

Ine Blantyre sindimudziwa, mwanawe. Akuti masiku ano a matipate aliyense ali ndi ufulu wolankhula, koma nkhalamba ngati ine, pakhomo la chipatala chotero, ndikayambira pati? Bambo ake a Tadala anapita ku Joni, sanalembepo. Iwe ndiwe malume ake, mbumba ndi yako. Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo ukudziwa mmene misewu ya kuno imakhalira mvula ikagwa.

Bwera udzamutenge, ndapota nawe. Dzulo anandifunsa kuti mkaka wa agogo aakazi uja unapita kuti. Ndinamuuza kuti ukubwera, iye n'kutembenukira kukhoma. Mbewu ndikapempha kwa anzanga oweta ku Lisungwi, chipanda chidzagwiranso tsiku lina. Koma wa Lucy ndi yemweyu basi. Palibe kwina kumene tinagawirako.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti pakhomo pano ndi pawo. Moni kwa Ackim ndi Lonely, azilimbikira sukulu. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akufupikitsire njira.

Ndine bambo ako,
Gerishon