Ana a ku Cateme Apezeka

Moatize, 17 Agosto 2013

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Mukudzuka bwanji ku Zóbuè? Nanga bondo lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la malasha latipatsa chifuwa tonse mwezi uno. Achimwene a Celso, powawerengera Amayi kalatayi musathamange, nkhani yake ndi yokoma.

Paja kubungwe lothandiza za katemera ananditenga miyezi itatu yongondiyesa. Ntchito yanga ndi kusamalira programa ya m'kompyuta imene imatulutsa mayina a ana oyenera kulandira katemera m'mudzi uliwonse. Vuto linali lakuti pa mndandanda wa ku Cateme pankatuluka ana khumi ndi anayi okha, chonsecho anamwino athu, a Luzia, ankati akapita kumeneko amapeza ana ali mbwee. Chikuku chinali chitayamba kale m'midzi yoyandikira. Ashefi athu, akulu a ofesi, a Policarpo, anati Lachisanu likafika zisanakonzeke aitanitsa katswiri ku Maputo. Za ine sananene, koma ndinamva.

Masiku awiri ndinawerenga programa yonse mzere ndi mzere, osapeza kanthu. Amene anailemba anachoka kale.

Lachitatu ndinakumbukira mawu anu aja akuti safunsa anadya phula, ndiye ndinaganiza zofunsa kompyuta yeniyeniyo. Amayi, m'programa mwana aliyense amasungidwa ngati kaphukusi, ife timati objekitu. M'kati mwake mumakhala dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi zina. M'chinenero chimene timalembera, chotchedwa Python, muli kalamulo kakuti vars, kamene kamamasula kaphukusiko n'kuonetsa zonse zimene zilimo. A Luzia anandipatsa dzina la mwana wina amene ankasowa pa mndandanda, Nadira, wa miyezi isanu ndi inayi, ndipo ndinamasula kake.

Zonse zinayalika pamaso panga. Polemba mudzi panali Mithete, kumene makolo ake ankakhala asanasamutsidwe chifukwa cha mgodi wa malasha. M'munsi mwake munali kamzere kena kamene palibe amene ankadziwa kuti kalipo, ka mudzi watsopano, ndipo Cateme anali pamenepo. Programa inkangoyang'ana koyamba kaja.

Ndinasintha mizere iwiri yokha. Makina osindikizira anatulutsa mayina 326! A Policarpo anawerenga mapepalawo chiimirire, kenako anaitana onse kuti ndiwaonetse mmene ndachitira. Crimildo, mnzanga wa muofesi amene ankanditcha kamtsikana ka kumalire, anakoka mpando n'kukhala pambali panga, kope lili m'manja.

Lolemba a Luzia ananditenga kupita nawo ku Cateme. Ana anabayidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ataitana dzina la Nadira, ndinathamanga kukamunyamula. Ndi kamwana konenepa, kali ndi mano awiri, ndipo kanandikodzera pa chitenje chatsopano. Mayi ake anapepesa kwambiri, n'kundifunsa ngati ndine wachibale poti ndimadziwa ngakhale tsiku limene mwanayo anabadwa. Ine ndinkangoseka misozi ili m'maso.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ashefi akuti andilemba ntchito yokhazikika, koma akufuna kuona setifikadu yanga ya sukulu. Ili m'bokosi lachitsulo limene tinabwera nalo kuchokera ku Malawi, pansi pa zovala za malemu Bambo. Muikulunge m'pulasitiki, muwapatse a Mário oyendetsa shapa, minibasi ija, Loweruka likubwerali. Ofesi yathu amaidziwa.

Mundiperekere moni kwa atsibweni a Isaías, azakhali a Beatriz, alamu anga a Olívia ndi ana onse. Atsibweni muwauze mwaulemu kuti makina aja ankati ndi masewera a ana a anthu olemera alembetsa ntchito mphwawo wa kumunda.

Tsalani bwino, Amayi, Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mwana wanu,
Adelina