Kanema Sanazime Sikisi Koloko

Lachinayi, 9 Meyi

Lero kanema sanazime.

Ndilibe womuuza. Ndikauza aneba andiseka, ati anzako amalira kanema akazima, iwe ukulira kuti sanazime. Ndiye ndalemba m'kope lakale la amuna anga, kumbuyoku kuli masamba.

Ndiyambe poyambira mwina mtima ukhala pansi. Mu Febuluwale anatsitsa dishi padenga. Ati yawatopetsa, mvula ikangowaza zithunzi zimasweka, komanso akakhala pa ulendo ndi thiraki mpira umawadutsa. Anabwera ndi kabokosi kakuda kochepa ngati sopo, kogwira ndi intaneti. Matchanelo omwewo, koma iwonso atha kuonera pafoni kulikonse kumene aima. Ine ndinakana, dishi ndinali nditaizolowera. Anati, "Mayi, dziko lili pa giya faifi, inu mukadali pa livesi."

Koma polipira anasankha ndondomeko yoonera munthu mmodzi nthawi imodzi. Iwo akatsegula uko, kuno kumazima, pamabwera chibokosi chabuluu cha Chingerezi. Bambo amene anadzalumikiza anati mawuwo akuti wina akuonera kwina. Tsiku loyamba chinabwera mwana ali pakati pa katuni wake wa kanjovu. Ndinapsa mtima, ndinadina limoti n'kuwachotsa. Iwo n'kutichotsa. Ine n'kuwachotsanso. Anaimba foni akuseka mpaka kutsamwa, ati ndani akundilanda chiwongolero.

Basi chinakhala chizolowezi. Sikisi koloko akaimika thiraki amatizimitsira. Kondakitala amakuwa kuti "Adadi!" n'kuthamangira limoti. Ndi dzina lomwe anamupatsa bambo akewo, mtsikana wa zaka zitatu koma pakamwa ngati woitanira basi. Iye akabweza kanjovu, iwo amadikira kaye kuti awerenge mpaka faifi, ndiye azimitsanso. Kachitatu timawasiyira aonere za mpira, ife tikasambe. Akadutsa malire foni imavuta kuimba, koma ichi chokha sichinalepherekepo. Ndiye moni wathu. Kanjovu kaja sitinakaonepo mathero ake.

Dzulo anazimitsa. Lero sikisi yakwana, yapitirira, kanjovu kakungoyenda. Ndinathimitsa ndekha kasanathe. Ndinati tiye ukasambe, adadi ali pamzere.

Lachisanu, 10 Meyi

Foni yawo sikupezeka. Uthenga wanga wangoima ndi kachizindikiro kamodzi kotuwa kuyambira dzulo.

Ndinabereka mwana kupita ku kampani. Bambo wa pa desiki anaimba mafoni awiri, kenako ati thiraki ili pamzere pa malire, yokhoma bwinobwino, katundu yense alimo. Dalaivala yekha ndiye sakuoneka kuyambira dzulo masana. Anamwetulira. Ati, "Mayi, madalaivala ali ndi makomo ambiri. Dikirani Lolemba, atulukira."

Ndinanyamuka n'kutuluka.

Pobwera ndinadzera kwa alamu, mng'ono wawo, pamene amawotcherera zitseko. Anavula chigalasi chakumaso n'kumvetsera. Ati achimwene sasiya thiraki ngakhale popita kukakodza amaicheukira. Ati mawa akwera basi ya masana, ulendo wake ndi wa usana ndi usiku, Lamulungu akhala atafika.

Sikisi koloko, zii. Ndathimitsanso ndekha.

Mulungu, ndine wamng'ono ine. Musandichite zimenezi.

Loweruka, 11 Meyi

ALI MOYO. Ali moyo ali moyo.

Cha m'ma teni m'mawa ndikuchapa pakhomo ndinangomva "Adadi! Adadi!" Ndinalowa ndi thovu m'manja. Chibokosi chabuluu, chija chomwe! Sindinaonepo chinthu chokongola chonchija. Ndinagwada pasimenti. Kondakitala anadina, anatichotsa. Anadinanso, anatichotsanso.

Ndinaimbira alamu pompo. Anali kale pa depoti, chikwama m'manja. Ndinati bwererani, musavutike, abale anu ali bwino.

Ati, "Mwalankhula nawo?"

Ndinati ayi, koma azimitsa kanema.

Ati, "Nanga foni bwanji sakuyankha, alamu?"

Ndinati mwina layini yafa, mwina akuchita manyazi ndi kumene ali. Koma ndi iwo, palibenso wina amene ali ndi nambala yachinsinsi. Ndinalumbira. Apongozi anga, amene anawaperekeza pa depoti, atamva analanda nkhaniyo, ati mwana wanga ali moyo iwe ukukamufuna ngati mbuzi yosochera, bwerera ukagwire ntchito. Alamu anabwerera.

Ngati ali kwa mkazi akhale. Ndidzawatukwana akabwera, ndidzawaswera kapu yawo ija pamaso pawo. Bola akupuma.

Chinthu chimodzi chokha. Sanadikire kuti mwana awerenge. Anangofika pa "wanu" iwo azimitsa kale. Mwina atopa.

Lamulungu, 12 Meyi

Kukuzima nthawi iliyonse tsopano. M'mawa, masana. Kondakitala watopa ndi kuthamanga, wati adadi akubera.

Aneba anabwera kudzabwereka chitsulo chosita. Ati mwamuna ali ngati tambala, dzuwa likalowa amadziwa khola lake, ndisaonde ndi maganizo. Ndinaseka kuti achoke.

Atachoka ndinatsegula pamene pamaoneka zomwe munthu waonera kumene. Nyimbo zovina za atsikana. Mafilimu a nkhonya, anayi. Amuna anga nyimbo zimenezo amati ndi phokoso la injini yakufa. Ndinati mwina mkaziyo ndi amene wagwira foni. Taonani pamene ndafika, kupempherera kuti akhale mkazi mnzanga.

Ndiye ndinakumbukira kuti timu yawo ikusewera fili koloko. Ndinaika dala mpirawo kuti andilande. Munthu amene tsiku lobadwa mwana anafunsa namwino ngati pali kanema pafupi. Ndinakhala pampando wawo, limoti pamwendo. Anayamba. Anapuma. Anayambanso. Timu yawo inagoletsa ziwiri, anthu m'nyumba zina akukuwa.

Mpira wonse ndaonera ine, ine wosadziwa n'komwe kuti akugoletsera mbali iti. Palibe anandilanda.

Utangotha, chibokosi chabuluu. Filimu ya nkhonya.

Sindinauze munthu.

Lolemba, 13 Meyi

Ndinalawirira kwa alamu asanayatse makina. Ndinawauza zonse. Anabwera kunyumba, anayang'ana mndandanda uja, kutsika, kukwera. Ati, "Achimwene kusiya mpira wa dzulo?"

Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangosisita mutu wa Kondakitala, n'kupita kukatenga chikwama chomwe chija. Anali asanachimasule n'komwe.

Akwera ya masana.

Lachiwiri, 14 Meyi

Palibe. Chibokosi chabwera kasanu. Sindinadye.

Lachitatu, 15 Meyi

Alamu aimba m'mawa.

Ndilemba mmene anenera, ndikapanda kulemba ndiyesa ndalota.

Lachinayi masana anasiya thiraki pamzere, anawoloka msewu kukagula chakudya. Galimoto inawagunda. Anthu anaunjikana. Pofika nawo kuchipatala analibe foni, analibe kachikwama ka ziphaso, analibe chilichonse chonena kuti ndi ndani. Anawalemba kuti bambo wosadziwika. Bedi la pafupi ndi zenera.

Anamwalira Lolemba m'bandakucha.

Lolemba. Osati Lachinayi. Lolemba.

Namwino wauza alamu kuti Lamulungu masana anatsegula maso. Ankayang'ana kukhomo. Ankatchula liwu limodzi lokha, kondakitala, kondakitala. Iwo ankayesa kuti ndi munthu wa pa basi.

Lamulungu masana alamu akanakhala ali pomwepo. Akanawagwira dzanja. Akanaika foni kukhutu kwawo mwana n'kukuwa kuti adadi. Ndine ndinati bwererani. Ndine ndinalumbira.

Ine ndikugwada pasimenti kuthokoza Mulungu, kunali kuthokozera wakuba.

Lamulungu, 19 Meyi

Tinawaika dzulo.

Sindikumbuka zambiri. Nsapato zinkandithina. Anthu a ku kampani anabwera atatu, bambo wa pa desiki uja sanandiyang'ane kumaso.

Ndikudutsa kuseri kukatunga madzi ndinamva azakhali awo akuuza mayi wina, "Ndi ameneyu anabweza munthu pa depoti chifukwa cha kanema." Winayo ati, "Ana a masiku ano." Atandiona anayamba kukamba za mapoto.

Sananame.

Apongozi sanandinene. Madzulo anandikokera pafupi n'kunena chapansipansi, "Tinabweza tonse, mwananga. Pakamwa panali panga." Tinalira mpaka mwana anadzatipukuta ndi diresi lake.

Lachiwiri, 21 Meyi

Anthu apita. M'nyumba mwatsala fungo la anthu ambiri ndi mipando yobwereka.

Chibokosi chikubwerabe. Munthuyo, kaya ndi ndani, kaya ali kuti, akungoonera nkhonya zake pa foni ya amuna anga. Ndipo chikabwera, Kondakitala amataya chilichonse chili m'manja. "Adadi!"

Ndinamukhazika pamwendo. Ndinati adadi anapita, sabweranso, unaona bokosi lija. Ati, "Ayi, amene aja anagona. Adadi ali mu kanema." N'kutsika.

Alamu anaona zimenezi, nkhope inasintha. Ati galu ameneyu ndimuchotsa pompano, ndi zinthu za mphindi imodzi. Ndinagwira limoti. Ndinati dikirani kaye. Ati, "Alamu, mukusunga wakuba m'nyumba?" Ndinati ndikudziwa. Dikirani kaye.

Ndiye anandilembera papepala. Kudina apa, kutsika kawiri, kusankha foni, kudina chofiira. Kenako nambala yachinsinsi yatsopano. Anaika pepalalo pansi pa kabokosi. Atinso ngati ndikufuna andibwezera dishi padenga Loweruka, mabawuti alipo. Dishi ili kuseri, ndimayanikamo nsapato za mwana. Ndinati ndiganiza.

Chimene sindinawauze ndi ichi. Chibokosi chikabwera, inenso mtima umadumpha. Kamphindi kochepa, kupuma kumodzi, ndimakhala mkazi wa munthu. Kenako ndimakumbuka. Koma kupuma kumodziko ndikufuna. Ndilibe kwina kokakupeza.

Lachitatu, 22 Meyi

Lero wakana kudya, wakana kusamba. Wakhala pansi pamaso pa kanema kuyambira masana, limoti m'manja awiri. Ati akachoka adadi abwera osamupeza.

Chitabwera anadina, munthuyo anamuchotsa pompo. Anadina, anamuchotsa. Kasanu ndi kawiri. Analira, ati, "Amama, adadi sakundidikira. Ndalakwa chani?"

Lachinayi, 23 Meyi

Milungu iwiri lero.

Sikisi koloko itatsala pang'ono ndinamusambitsa kaye, ndinamuveka diresi lachikasu lomwe anamugulira ulendo watha. Tinakhala pampando wawo tonse awiri. Kanjovu kanayamba. Sikanapite patali, chibokosi.

"Adadi!"

Ndinati bwera nayo kuno limoti. Ndinasolola pepala la alamu. Ndinati, mwanawe, amene akuzimitsayu si adadi ako. Ndi munthu wina anatola foni yawo. Adadi sakanalephera kukudikira, ngakhale tsiku limodzi. Sunalakwe chilichonse.

Ati, "Ndiye amubweze."

Ndinati foni kapena adadi? Anangoloza kanema.

Kudina apa. Kutsika kawiri. Panatuluka maina awiri, kabokosi kathu ndi foni yawo, ili ndi dzina lomwe analemba okha tsiku lija akuseka. Chala chinakana. Mwana anaika kachala kake pamwamba pa changa, mwina ankayesa ndi masewera aja. Tinadina chofiira.

Nambala yatsopano ndinalakwitsa kawiri.

Kanjovu kanabwerera. Kondakitala anayamba kuwerenga yekha, wanu, thu, fili, folo, faifi. Anadikira. Anawerenganso. Kenako anasiya, anatsamira pachifuwa panga.

Sindinathimitse. Tinaonera mpaka kumapeto.

Kani kakamatha, kanjovu kaja kamatembenuka, kamakweza chitamba n'kutsazika ana. Miyezi itatu yonseyi sitinkadziwa.

Kondakitala anakweza dzanja n'kukabayibitsa.