Gitala ya Ababa Isapentedwe

Tembisa,
17 Ogasiti 1997

Okondedwa achemwali anga a Petronella,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Luchenza, inu, alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira. Mwezi uno kuno ndi mphepo ndi fumbi lokhalokha, ndipo m'mawa madzi a pampopi amaluma zala. Kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya eni ake kamalowa mphepo paliponse, moti m'ming'alu ndatsekamo manyuzipepala. Mayi wa nyumbayo amandiseka kuti Amalawife timaopa chisanu kuposa zigawenga.

Kalata yanu ndinalandira Lachinayi. Ndinasangalala kumva kuti simenti yakwana ndipo chiliza cha ababa chivundukulidwa mu Okutobala. Mwagwira ntchito, achemwali, Mulungu akudalitseni. Koma nditafika kumapeto, pomwe mwalemba kuti alamu adzipereka kupenta gitala ya ababa kuti idzaoneke yatsopano pa tsikulo, mtima unandithawa. Ndinakhala pabedi kapu ili m'manja mpaka tiyi anazizira.

N'chifukwa chake sindinafune kudikira positi. Kalata ino ndapatsira a Bakari, bambo wa ku Mangochi amene timakwera naye sitima imodzi m'mawa. Akunyamuka mawa, ndipo alonjeza kuisiya ku Limbe kwa apongozi anu.

Pempho langa ndi limodzi lokha: gitalayo isapentedwe. Ndikudziwa mudabwa, mwina muganiza kuti Joni yandizunguza mutu. Ndiye ndiloleni ndikufotokozereni ntchito yomwe ndikugwira, chifukwa mpaka pano ndimangokulemberani kuti ndili kushopu.

Za m'magadeni ndinasiya chaka chatha. Panopa ndili ku Kempton Park kwa a Douglas, mzungu wokonza magitala amagetsi. Anandiona ndikupala chitseko cha galaja yawo ndi sandipepa, n'kunena kuti dzanja langa ndi lofatsa. Poyamba ndinkangosesa ndi kupala matabwa. Kenako kunabwera fashoni yochokera kutsidya kwa nyanja, yomwe mukaimva museka mpaka kugwira nthiti. Anthu akufuna gitala yatsopano, koma yooneka ngati yatha zaka zambirimbiri ikuimbidwa m'mabala. Amabwera nayo yonyezimira, ikununkhira kusitolo, n'kutipempha kuti tiikalambitse. Inde, ine mwana wa amayi amene ankatikwapula tikakanda mbale yamaluwa ija ya alendo, lero ndikudya za kukanda zinthu.

Musaganize kuti ndalowa zachinyengo. A Douglas amadinda chizindikiro chawo kuseri kwa gitala iliyonse yomwe takalambitsa, kuti wina asakaigulitse ngati yakaledi. Eni akewo amadziwa chimene akufuna. Ambiri ndi anyamata a m'maofesi amene amaimba Loweruka lokha, ndipo safuna kudikira ukalamba kuti gitala yawo ioneke yodziwa dziko.

Tsiku loyamba anandipatsa gitala yofiira yophunzirira ndi mulu wa makiyi. Mumtima ndinati apa ndiye zophweka, kuwononga chinthu amachita kuphunzitsa? Ndinaimenya paliponse, kumaso, kumbuyo, m'mbali, n'kuipalanso ngati ndikusenda chinangwa. A Douglas ataiona anaseka mpaka kutsokomola. Anati gitala yangayo sikuoneka kuti inaimbidwapo, ikuoneka kuti inagwa m'galimoto pamsewu wa ku Pretoria. Anandifunsa kuti ndi woimba uti amene amakanda pansi pa nsambo, pomwe ngakhale chala sichilowa. Manyazi anandigwira.

M'mawa mwake anandipaka choko pamkono, pazala ndi pachitsulo cha lamba wa thalauza, n'kundikoleka gitala yakuda pakhosi. Anati ndikhale nayo tsiku lonse, ndiziimba ngakhale sinditha, ndizikhala nayo pansi, ndiziitsamiza kukhoma. Odutsa pawindo ankandiona ngati wapenga. Powerukira tinayang'ana pomwe choko chatsalira. Anali malo ochepa zedi: pamwamba pomwe mkono umagona, kumbuyo pomwe lamba amakhula, ndi pakhosi pomwe zala zimakonda kubwerera. Kwina konseko kunalibe ngakhale kadontho. Anati sukulu yonse ndi imeneyo, gitala imatha pomwe munthu amaikhudza, osati pomwe wokanda wakonda.

Zinazo ndi zamanja chabe. Kuti vanishi achite timing'alu ting'onoting'ono, gitala timaigoneka mufiriji kenako n'kuitulutsa padzuwa. M'timing'alumo timapakamo polishi wa nsapato wabulawuni n'kupukuta. Mabatani oyera timawaviika mu tiyi wakuda wopanda shuga. Zitsulo timazitsekera m'chitini muli viniga kuti zigwire dzimbiri pang'ono. Chovuta ndi kudziwa polekera. Dzimbiri likachuluka pomwe penti ali bwinobwino, aliyense amaona kuti ndi bodza, chifukwa zonse ziyenera kukalamba limodzi. Komanso bala la sandipepa limakhala lakuthwa m'mphepete, pomwe la mkono limakhala losalala, lodetsedwa ndi thukuta. Ndimatha masiku ndikusisita malo amodzi ndi nsalu kuti ndibise kuti panadutsa sandipepa, mpaka zala kuchita dzanzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panopa a Douglas amatha kuyang'ana ntchito yanga osatsokomola, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ntchito imeneyi sindiisiya panjira, ndiidziwa mpaka kumapeto.

Mwezi wathawu kunabwera gogo wina wa ku Vosloorus ndi gitala yokulunga m'bulangete. Imeneyo inali yakaledi. Kale inali yoyera, koma tsopano inali itasanduka ngati mano a munthu wosuta fodya. Mawaya amkati anali ataduka. Ine ndi changu changa ndinawafunsa m'Chizulu changa chothyokathyoka ngati tiwapakirenso penti pomwe panatha. Anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kunena kuti tilumikize mawaya okha, china chilichonse tisakhudze. Anandionetsa bala lina m'mphepete, nati limenelo ndi la tsiku lomwe ndeu inabuka mu holo ku Daveyton anthu akuvina, iwo n'kuthawira pawindo gitala ili kumsana. Kumutu kwa gitalayo kunali timabowo tating'ono tondandana. Anati pamenepo ndi pomwe mwana wawo wamkazi ankaluma akumera mano, ndipo mwanayo pano kulibe.

Titaikonza, a Douglas anaiika pambali pa ina yomwe ndinali nditangomaliza ine, yomwe ndinkainyadira kwambiri. Yangayo inali yokongola ndithu, mwini wake anadzaikonda, koma pambali pa ya gogoyo inkaoneka ngati munthu wovala jekete lobwereka. Tsiku limenelo musitima ndinadutsa potsikira panga osazindikira. Maganizo anga onse anali pamwamba pa wodiropu ya amayi, pomwe pali gitala ya ababa.

Achemwali, kaitsitseni muiyang'ane bwinobwino. Ababa anali amanzere, koma gitala anagula ya anthu a dzanja lamanja, chifukwa nthawi imeneyo ali pa ntchito ku Halale ndi yomwe anaipeza. Ankaiimba mozondotsa. N'chifukwa chake penti wake anatha mbali ya mabatani, komwe magitala ena onse satha. Batani limodzi linkawakola pamkono, ndiye analichotsa n'kutsekapo ndi chitsekerero cha botolo. Chingwe chokolekera ankachimanga pamsomali womwe anakhoma okha. Pafupi ndi nsambo muona kanjira kokumbika, imeneyo ndi mphete yawo yaukwati. Kumbuyo kwake kuli malo aakulu oyera, a lamba wawo uja wa chitsulo chachikulu amene amayi ankadana naye. Ndagwira magitala ambiri m'shopu muno ndipo sindinaonepo ina yotha choncho. A Douglas nditawafotokozera anapukusa mutu, nati imeneyo ngakhale iwo sangaitengere, chifukwa angafunike kusanduka munthuyo kaye.

Mukukumbukira tsiku logawa katundu? Munandilembera nokha kuti abale a ababa anatenga njinga, wailesi, ngakhale batire ija ankalumikizako sipika poimba pa maukwati a ku esiteti. Gitala anaitembenuzatembenuza n'kuisiya pakona, ati ndi chiphakasa. Kutha kwakeko ndi kumene kunatisungira chinthu chimodzi chimenechi. Ndiye lero tikufafanize ndi manja athu?

Alamu sakulakwa, ndipo musawawerengere kalatayi ngati ndikuwadzudzula. Kwathu ulemu ndi umenewo. Kukamabwera alendo timazira nyumba, timapaka laimu, timavala zochapa. Ndikudziwa kuti sakufuna anthu adzanene kuti ana a malemu a Namalima anasiya chinthu cha bambo awo chikuoneka ngati chotola kudzala. Pa zimenezo ndikuwathokoza ndi mtima wonse, si akamwini onse angaganize choncho. Komanso alamu anga ndimawadziwa, burashi ikakhala m'manja samva za munthu. Nkhuku itaima nthawi yaitali pakhonde panu ikhoza kuchokapo ili yabuluu. Muwauze kuti wanena ndine, adzandibwezere ndikafika.

Koma achemwali, penti wa mafuta akangolowa m'thabwa lomwe linamwa thukuta, sabwerera. Ndikhoza kupala mwezi wathunthu, chomwe ndingapeze pansi pake ndi thabwa loyera, la munthu aliyense. Mwina alamu anganene kuti poti ndiyo ntchito yanga, ndidzaikalambitsanso ndikabwera. N'zoona, ndikhoza. Ndingaigoneke mufiriji, n'kuipaka polishi, anthu onse a ku Luchenza n'kukhulupirira. Koma ine ndizidzadziwa kuti pamenepo panadutsa sandipepa yanga, osati ababa. Bodza limenelo ndimawapangira anthu achilendo amene alipempha okha. Kunyumba kwathu sindingalibweretse.

Ngati dzanja la alamu likuyabwa, apatseni chiliza. Dzina la ababa alembe ndi iwo, chifukwa kumeneko palibe wina amene amalemba zilembo zowongoka ngati iwo. Apa ndikunena zoona, si kuwanyengerera ayi. Ngati penti agula kale, chitseko cha amayi chakhala chikumulira kuyambira ndisanachoke.

Gitalayo musaitsuke ndi madzi, sopo kapena palafini. Ingoipukutani fumbi ndi nsalu youma, basi. Nsambo zadzimbirizo zisiyeni, ndidzabwera ndi zina. Ana asamasewere nayo, makamaka pa chitsekerero chija. Pa tsiku la chiliza, ngati amayi afuna kuti itulutsidwe, ituluke mmene ililimo. Ena adzanong'ona kuti mwana wawo ali ku Joni koma alephera ngakhale kachitini ka penti. Asiyeni anene. Manyaziwo ndi anga, muzidzangoloza kwa ine, kuti anakaniza ndi Fabiano. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mukaona kuti mawu anga sakumveka pakhomopo, musakangane ndi munthu. Ikulungeni m'chitenje mukaisungitse kwa azakhali ku Thyolo mpaka ndifike. Inu ndinu wamkulu, mukanena kuti ayi palibe amene angakudutseni, ngakhale alamu amene. Ndinakuonani mukuthamangitsa wogula nthochi uja wa sikelo yokhota, ndiye musandiuze kuti simungathe. Pa nkhani iyi yokha sindisintha maganizo, ngakhale mutandikwiyira nonse.

Pa mwambowo sindidzakhalapo, ndipo zikundiwawa. A Douglas amatseka shopu mu Disembala mokha, ndipo kuno ukangochoka pamalo, mawa lake umapeza pakhala wina. Ndawapempha kale, andilola kuti ndidzanyamuke shopu ikangotsekedwa. Khirisimasi idzandipeza kumeneko, Mulungu akalola. A Bakari abwerera kuno kumayambiriro a mwezi wamawa, chonde muwapatsire yankho, ngakhale mizere iwiri yokha, kuti mtima wanga ukhale pansi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija anandilukira ndi imene ikundisunga m'chisanu muno. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi banja lawo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anu ku Limbe. Eva ndi Mavis muwauze kuti amalume awo akufuna kudzamva kuti akhoza mayeso, apo ayi nsapato zomwe ndidzawabweretsere zibwerera ku Joni.

Achemwali, inu ababa munawadwazika, munawaona nkhope asanatseke bokosi. Ine uthenga unandipeza atagona kale m'manda, ndipo chithunzi chawo tilibe ngakhale chimodzi. Anthu akamandipepesa ndimangovomera, koma kulira kwenikweni sindinalire mpaka lero, chifukwa ndilibe poyambira. Ndikufuna ndikafika ndidzakhale pakhonde la amayi, ndidzaizondotse gitalayo, ndidzagoneke mkono wanga pomwe pankagona wawo. Pokhapo ndisiyireni.

Ndatha ine mlongo wanu wokusowani,
Fabiano